A Fabiano Amene Anakanika Kuwerama

A Fabiano Muhiwa anali mwana wa a Muhiwa ndi a Magdalena, anthu amene anawoloka Ruo kuthawa Apwitikizi atanyamula mphika umodzi ndi mbewu za kalongonda m'kansanza. Ana anabadwa asanu koma amene anakula ndi a Fabiano okha. Makolo awowo anafera pa esiteti ya tiyi ku Thyolo kuno, kumene nthawi imeneyo tinkati ku Cholo, ndipo sanasiye mudzi kapena munda. M'chaka cha 1936 a Fabiano anakwatira a Lestina a ku Masambanjati n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkazi. Anabereka ana atatu: ine Ester woyamba, Douglas, ndi chitsirizira Betty. Ndiye kuti a Fabiano ndi ababa anga ondibala.

Chandilembetsa ndi mawu amene ndinamva pa ukwati wa mdzukulu wanga. Mdzukulu wina, bambo wa ana awiri, anakhala pansi anzake akunyamula mabenchi, ndiye mayi wina n'kunena akuseka, "Musiyeni, watengera a Fabiano ameneyo." Anthu n'kuseka. Mayi ameneyo a Fabiano sanawaonepo, ngakhale kumene kuli manda awo sakudziwa. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5 yakale ija, koma cholembera ndimachigwira ndithu. Aliyense wa magazi athu awerenge izi, akatha atseke pakamwa.

Ababa ntchito yawo inali yodulira tiyi. Kuthyola ndi kudulira n'zosiyana. Wothyola manja ake amayenda pamwamba pa masamba, dengu lili kumsana. Wodulira amagwira mpeni wokhota n'kuwerama kuyambira m'mawa, kudula tchire lililonse kuti litsale lofika m'mawondo, lidzaphukenso mvula ikabwera. Mwezi wa Juni, chiperoni chitakuta phiri, zala zitauma gwa, ababa ankamaliza mgwazo wawo anzawo asanafike pakati. Akapitawo ankatumiza anthu atsopano kuti akaone mmene a Fabiano amagwirira mpeni. Akaweruka Loweruka ankabwera kumudzi n'kulima munda wa amayi mpaka dzuwa kulowa. Zimenezi palibe amene amazikumbukira.

Matenda anayamba 1947, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Poyamba ankati ndi chilungulira wamba, n'kumanyambita phulusa. Koma chinakula. Akadya phala la pa esiteti lija masana n'kuwerama, moto unkayaka m'chifuwa, madzi owawasa n'kukwera mpaka kutulukira m'mphuno, nthawi zina ndi chakudya chomwe. Akaweramuka n'kuima njo, pang'ono ndi pang'ono zinkaleka. Apa ndi pamene panagona tsoka lawo. Matenda amene amachoka munthu akaimirira n'kubwera akagwira khasu, kumudzi ali ndi dzina lake, ndipo dzinalo si la matenda.

Mwini mbumba wathu anali a Blackson, alongo awo a amayi. Atsibweni amenewa sanali munthu woipa, anatilera bwino, koma pakamwa pawo panali lumo. Chaka cha njala cha 1949 chitafika, anayamba kuwerenga makasu a pamudzi.

"Alamu," anatero tsiku lina atawapeza ababa ataima m'munda atagwira pamtima, "mkamwini ndi khasu. Nanga inu mwasanduka chiwopsezo cha mbalame?"

"Mukanalowa m'chifuwa mwangamu tsiku limodzi lokha, alamu, bwenzi mukudziwa."

"Ndilowemo bwanji, mmene mwadzaza chinangwa cha mlongo wangamo?"

Ababa anati tiyeni kuchipatala mukamve nokha. Kwathu kuno nkhani ya banja siyenda popanda mboni. Munthu wa mbumba ya mkazi ayenera kuona ndi maso ake, n'kubwera kudzauza anzake. Choncho kuyezedwa koyamba anapita ndi a Blackson ku kachipatala ka pa esiteti.

Kumeneko kunali adilesala a malaya akhaki. Anawapatsa kabokosi ka machesi kuti abweretsemo chimbudzi, anachiyang'ana pa makina oonera tizilombo, anakoka chikope, anamvera mtima ndi kachipangizo ka m'makutu kaja. Anapeza njoka zam'mimba zochepa, zimene aliyense woyenda wopanda nsapato m'tiyi anali nazo. Anawamwetsa mankhwala onunkha, njoka zinatuluka, moto unatsala. Atabwererako kachiwiri, adilesala anatambasula manja. "Ine palibe chimene ndikuona. Munthuyu ntchito angathe kugwira." Adilesalawo sindikuwaimba mlandu. Anafufuza chimene makina awo amatha kuona.

Mu 1950 ankhoswe anakhala pansi. Ukwati sanauthetse. Anangoti a Fabiano achoke kaye pamudzi, adzabwere akadzagwira khasu ngati amuna anzawo, kapena mboni ikadzaona kuti matendawo alipodi. Amayi anakhala atazolika. Mkazi wa masiku amenewo sakanatsutsa mlongo wake amene adzamuike m'manda. Ababa anapinda mphasa, anatenga mpeni wawo ndi kolona, n'kupita kukakhala ku malayini, nyumba za antchito a pa esiteti. Kwina kopita kunalibe. Kwawo kunatsala kutsidya kwa Ruo, ndipo iwo njira yake sankaidziwa.

Ku malayini anakhala zaka khumi ndi ziwiri m'kachipinda kamodzi ka kumapeto, pafupi ndi mabulugama. Amuna a kumeneko ankadyera mbale imodzi panja, koma ababa ankadya okha m'nyumba, pang'onopang'ono, ataimirira, poopa kulavula pamaso pa anzawo. Anthu anati ndi omana. Pogona sankatha kugona chogona, ankatsamira khoma atakhala pa thumba la masamba ouma. Wina atasuzumira n'kuona zimenezo, inamveka mbiri yoti munthu wogona chokhala ndiye kuti amatamba. Amayi a m'malayini anayamba kuitana ana awo ababa akamadutsa.

Ntchito sanaisiye. Anawayesa kothyola, koma zingwe za dengu zinkapanikiza pamimba, ndiye anabwerera ku mpeni wawo n'kupeza nzeru yawoyawo. Anamanga zigamba za thumba m'mawondo n'kumadulira atagwada, msana uli chilili, akukwawa kuchoka pa tchire ili kupita pa linzake. Mgwazo wa tsiku limodzi unkawatengera masiku awiri. Anzawo anawapatsa dzina loti a Katekisiti, eti amapemphera m'tiyi. Munthu waulesi angakwawe ndi mawondo m'minga za tiyi wodulidwa, m'chisanu cha Juni, zaka zonsezo? Ndifunse inu amene mumaseka.

Lamulungu lililonse amayi ankandituma ndi kamphika ka kalongonda kapena nandolo ndi phava la nthochi. Unali ulendo wa maola atatu. Mawu sankandipatsa. Ababa ankavundukula kamphikako n'kufunsa, "Amayi ako anena chiyani?"

"Palibe, ababa."

Ankalawa pang'ono n'kugwedeza mutu. "Chabwino. Mchere wakewu ndaumva."

Amayi anafunsiridwa ndi amuna awiri m'zaka zimenezo, onse anawakana.

Mu 1954 kunamveka kuti ku chipatala cha mishoni kwabwera makina ojambula m'kati mwa munthu. Ababa anapita kukawapempha a Blackson, ndipo anavomera kuwaperekezanso, mwina chifukwa nawonso ankafuna kuwaona makinawo. Tsiku limenelo ababa anavala jekete lawo la kutchalitchi, ndipo sanadye kanthu kuyambira dzulo lake, kuti asachite zamanyazi pamaso pa dokotala. Anawaimika chilili, chifuwa chitagunda chitsulo chozizira, manja m'chiuno. Pumirani m'kati, gwirani mpweya, basi. Dokotala ankafunafuna chifuwa chachikulu, pakuti ndicho chinkapha anthu a m'maesiteti. Anakweza chithunzicho pawindo n'kuwaonetsa onse awiri. Mapapo oyera, mtima wabwino.

"Nthiti zonse zilipo, alamu," anatero a Blackson potuluka. "Ndawerenga ndekha. Palibe imene yathawa."

Nkhani imeneyi atsibweni anaifotokoza pa mowa zaka zambiri. Ndipo ndinene zoona, kuyambira pamenepo ngakhale ife ana tinaleka kukhulupirira. Makina oona mafupa a munthu wamoyo angalephere kuona moto? Douglas anapita ku Halale osakatsanzika. Betty anayamba kuwatchula kuti a Fabiano ngati munthu wapadera. Ine maulendo a Lamulungu ndinayamba kudumphitsa, ndipo nditakwatiwa n'kuyamba kuthyola tiyi pa esiteti yomweyo, ndinkasankha mzere wakutali ndi kumene iwo akugwada.

Kumapeto kwa 1958 ababa anasanza zakuda ngati matope ali m'munda. Dokotala amene ankayendera maesiteti kamodzi pamwezi anawalembera kalata yopita ku chipatala chachikulu chatsopano ku Blantyre, kumene ankajambula munthu atamumwetsa mankhwala. Ababa anavalanso jekete lija n'kupita kwa a Blackson.

"Kawiri konse ndakuperekezani, zidendene zang'aluka," anatero atsibweni. "Ine ayi. Koma mawu anga sindinabweze. Apite wina wa mbumba ino, akaone ndi maso, adzanene. Akadzati waona, nyumba yanu ndi iyo."

Ababa anabwera kumene ndinkakhala. Anaima pakhomo osalowa. "Ester, iwe Chingelezi umamva. Lolemba lole ya mabokosi ikupita ku Limbe, adalaivala avomera kutitenga. Ukandipeza pa mphambano ya kufakitale."

Ndinati ndamva, ababa, ndidzabwera.

Lolemba lake unali mwezi wa Januwale, tiyi ataphuka kuti biriwiri. Ndinadzuka, ndinasamba, ndinatenga nsalu yanga yabwino. Kenako ndinaibwezera n'kubereka dengu. Amayi anzanga anali atandiseka kale kumpopi, "Ukawerengetsenso nthiti za a Katekisiti?" Koma sichinali chimenecho chokha. Ndinkaopa kukamva ndi makutu anga kachitatu kuti palibe, n'kukhala ine wonyamula mawu amenewo kupita nawo kwa amayi.

Munda umene tinkathyola tsiku limenelo unali pamtunda, mphambano inkaoneka bwinobwino. Ndinawaona ababa ataima ndi jekete lawo, kalata ili m'manja, akuyang'ana njira ya kwathu. Lole inafika n'kuima. Adalaivala analiza hutala kawiri. Ababa anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana m'minda, mzere ndi mzere. Maso awo atayandikira pamene ndinali, ndinawerama. Ndinalowetsa mutu m'masamba mpaka ndinamva lole ikulira kutali.

Zimene zinachitika ku Blantyre ndikulemba monga anandiuzira iwo eni ndi munthu wina amene nditamutchule. Anawalowetsa m'chipinda chopanda mawindo. Dokotala anavala magalasi ofiira ndi epuloni yolemera. Womuthandiza anali a Anderson a ku Bvumbwe, amenenso ankamasulira. Anawapatsa kapu ya phala loyera ngati dothi lozirira nyumba, lopanda kukoma kulikonse. Ababa anaima kuseri kwa galasi lowala mobiriwira, dokotala akuonera phalalo likutsika. Linatsika bwinobwino mpaka m'chifu. Dokotala anayankhula mawu awiri n'kutambasula dzanja kuti azimitse makina.

Ababa, amene moyo wawo wonse anali asanayankhulepo mzungu asanawafunse, anagwira a Anderson malaya.

"Achimwene, nditaima chonchi ine sindidwala."

"Nanga mumadwala mutatani, madala?"

"Ndikamadulira."

A Anderson anakulira pakati pa alimi, ankadziwa kuti kudulira n'kutani. Anauza dokotala, dokotala n'kuti aonetse. Ababa anapempha kanthu kogwira, pakuti manja opanda mpeni sadziwa powerama. Anawapatsa rula. Mumdima muja, atavula malaya, anawerama monga ankachitira ali mnyamata n'kuyamba kudula tchire limene panalibe. Atadula kachitatu phala loyera lija linatulukira m'kamwa.

Pamenepo dokotala anawamwetsa kapu ina n'kuwagoneka pa tebulo lopendekeka, mutu pansi miyendo m'mwamba, ngati mbuzi yoti isendedwe. Anayang'ana pagalasi, n'kufuula kuitana anzake awiri kuti adzaone.

A Anderson anawafotokozera motere. Pakati pa chifuwa ndi mimba pali nyama yotchinga, yokhala ndi kabowo kamene pamadutsa njira ya chakudya. Kabowo ka ababa kanakula. Akaima, chifu chimakhala pansi pamalo pake, ndipo wojambula aliyense aziona munthu wabwinobwino. Akawerama, chifu chimalowa pabowopo n'kukwera m'chifuwa, zam'kati n'kukhuthukira kum'mero. "Muli ngati dengu la tiyi lodzaza, madala. Mwini wake akaima, masamba ali phee. Akawerama, onse amam'khuthukira kumutu."

Ababa anati anaseka mpaka misozi, ali chigonere mutu pansi. Zaka khumi ndi ziwiri, munthu woyamba kuwauza kuti mukudwaladi.

Opaleshoni yake dokotala anati ndi yaikulu, sangaiyese pa munthu wa magazi ochepa chotero. Anati azidya pang'onopang'ono, azigona mutu uli pamwamba, asamawerame. Zonsezo ababa anali atazipeza kale okha. Zithunzi zinatsala kuchipatala. Iwo anabwera ndi pepala limodzi.

Lamulungu lotsatira tinasonkhana kwa a Blackson. Ababa anafotokoza zonse, anaonetsa ngakhale mmene anagwirira rula. Anapereka pepala ndi manja awiri. Atsibweni analitembenuza uku ndi uku.

"Waona ndani?"

Onse anayang'ana ine.

"Ester, unaona?"

"Sindinapite, atsibweni."

"Kunali mvula, alamu," ababa anafulumira kunena. "Mwanayu anali ndi mgwazo." Tsiku lija kunalibe ngakhale mtambo.

"Pepala lilibe maso," anatero a Blackson powabwezera. "Kapitawo akalandira nkhuku amachonga tikiti ya munthu amene ali kumowa. Kawiri ndinaona ndekha kuti mulibe kanthu. Kumene kwapezeka kanthu ndi kumene munali nokha. Mukanakhala inu mukanati chiyani?"

Amayi anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Tinamva mtondo ukulira, chikhalirecho panalibe chosinja tsiku limenelo. Chaka chisanathe ankhoswe anathetsa ukwati, amayi n'kukwatiwa ndi bambo wina wa ku Nsabwe. Kamphika ka Lamulungu kanathera pomwepo.

Pepala limene mudzi unakana, esiteti inalilandira. Ababa anawachotsa kodulira n'kuwaika pa sikelo, ntchito yoimirira, yokoleka madengu a othyola. Ndiye kuti tsiku lililonse, kawiri pa tsiku, ine ndinkafika pamaso pawo ndi dengu langa. Ankalilandira, kulikoleka, n'kunena, "Wathyola bwino lero, mayi." Za mphambano ija sanandifunsepo ngakhale kamodzi.

Mu 1961 mwana wanga Jean anameza pini, ndipo anatitumiza ku chipatala chomwe chija. Bambo amene ankaitana mayina pa khomo la chipinda chojambulira, atamva kuti ndachokera ku tiyi ku Cholo, anayamba kuseka yekha. Anati kuno kunabwera madala ena a kwanuko amene anadulira tiyi mumdima ndi rula, mpaka lero dokotala munthu aliyense wa chilungulira amamupendeketsa chifukwa cha iwo. "Koma anativuta. Tinawaitana m'mawa, iwo ayi, alowe kaye ena, mwana wanga wamkazi mwina akubwera ndi lole yachiwiri. Anakhala pa benchi ilo mpaka anthu onse anatha, maso ali kuchipata."

Ndinati mwanayo ndine.

Bamboyo, amene anali a Anderson aja, anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwachedwatu, mayi," anatero, n'kumunyamula Jean kulowa naye.

Nditabwerako ndinapita ku malayini, kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri. Ndinawapeza ataima pakhomo akudya mbatata theka.

"Ababa, ndinakumana ndi a Anderson."

"Eee? Nsapato zawo zikulirabe zija?"

"Ndipita kwa atsibweni ndikanene."

"Ukanene kuti waona chiyani, mwanawe? Wamva. Kumva alamu anamva kale." Anapukuta manja. "Adilesala anayeza zimene ndinataya kuthengo. A kumishoni anayeza jekete langa, munthu wosadya, woima ngati msilikali. A ku Blantyre okha ndi amene anayeza ntchito yanga. Makina aja alipobe. Inenso ndilipo. Phala lija ndi loipa, koma ndingamwenso."

Ndinafunsa kuti nanga n'chiyani chingabwerere, amayi atapita kale.

"Nyumba ayi," anatero. "Koma ndikafa ndikagone kumene mudzagone inu. Kuno amaika alendo."

Tinapangana kuti tidzapita tiyi akachepa, mwezi wa Juni 1962, ine ndikaime m'chipinda chija ndione phala likukwera, ndibwere ndiime pamaso pa mbumba yonse ndinene. Ndikanatha kunena kuti tipite mawa. Ndinati Juni.

Mwezi wa Meyi chisanu chinabwera msanga. Ababa anagwidwa chibayo, masiku anayi okha. Anawapeza m'mawa atatsamira khoma monga mwa masiku onse, ndipo mnansi wawo anawapatsa moni kawiri asanazindikire. Ndinathamangira ku Masambanjati kukapempha malo. A Blackson analira, ndinawaona ndi maso anga, koma anati ukwati unatha, mlandu unatsala momwe unalili, sangaike mkamwini wochotsedwa pakati pa eni mudzi. Anaikidwa kumanda a esiteti, kuseri kwa mabulugama, pamodzi ndi anthu amene mayina awo ankadziwika ndi akapitawo okha. Douglas sanabwere. Betty anafika maliro ataikidwa kale. Amayi anatumiza kamphika ka kalongonda, kopanda mawu, ndipo ndinakadya ndekha m'kachipinda kawo.

Mpeni wawo uli ndi ine, ndi zigamba za m'mawondo zija, ndi pepala. Amene akufuna abwere adzaone, aone mmene zigambazo zinaperepesekera. Koma ndikudziwa kuti izi ndalembazi nazonso ndi pepala, ndipo ine amene ndalemba sindinaone. Anandipempha tsiku limodzi lokha, Lolemba, pa mphambano ya kufakitale. Mphambanoyo ilipobe, ndimadutsapo ndikamapita kukalandira mankhwala a miyendo. Ulendo wa ku Blantyre uja sindinawaperekezebe.